Ndinachiritsa Fodya Woyenera Kudwala

Abale anga, musanandiseke pa zazikulu, yambani mwandiseka pa kakang'ono aka. Ine Mwale, imvi zonsezi, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana akalowa ku yunivesite n'kumaphunzira bayoloje, basi akutulukako ali dokotala, chovala choyera, kachingwe kali lende m'khosi. Anandiuza ndani? Palibe. Ndinangomva kuti kumeneko amang'amba achule, ndiye ndinati wong'amba chule lero, mawa ang'amba munthu. Sukulu yanga inathera mu Sitandade 5, ndipo m'menemonso ndinkapita masiku a mpira okha. Sekani ndithu a Banda, koma musaiwale kuti ine ndi inu tinkagona m'ngalande imodzi.

Mwanayo ndi Tiyamike, mzime wathu. Tsiku lomwe tinamva kuti wasankhidwa, ndinapalasa njinga mpaka pa Mtunthama, kuseri kwa chigayo kumene mayi Nachisale amatcheza kachasu. Ndinaima pakati n'kunena kuti, "Kuyambira lero muzinditchula kuti bambo a dokotala."

Kale ndinkamwa monga amwera alimi ambiri: tikagulitsa fodya, sabata imodzi ya misala, kenako kumunda. Koma dzina latsopanoli linabwera ndi ludzu lake. Anthu anayamba kundibweretsera matenda. "Bambo a dokotala, mukafunseko mwana wanu za msana wangawu," uku akundiikira kabotolo patsogolo. Mwanayo sindinkamufunsa. Ndinkayankha ndekha mawa lake, nkhope yanga ili yolemekezeka: "Akuti muchepetse mchere." Wa msana, achepetse mchere. Wa diso, achepetse mchere. Mnzanga Jailosi mkazi wake atamuthawa, naye ndinamuuza kuti achepetse mchere.

Kutsetsereka sikuchedwa, inu mukudziwa. Kabotolo kamadzulo kanabereka kam'mawa. Fodya ankaolera m'chigafa ine ndili kochiritsa anthu. Munda unayamba kuchepa ngati malaya ochapidwa ndi madzi otentha. Ku tchalitchi anandiimitsa mgonero. Mkazi wanga Nabanda anatenga khasu langa n'kuliphatikiza ndi lake. Zaka zitatu zinapita chonchi, ine ndikuyesa ndikukwera.

Chaka chake chomaliza, nyengo yotentha ija tikuthirira nazale, Tiyamike anafika kumudzi. Ndinasuzumira m'chikwama chake kufuna chovala choyera. Munali timatumba takuda ta pulasitiki, tija amadzalamo mitengo.

"Ababa," anatero, "munda uja fodya amapinimbira uli kuti?"

"Wa kuchulu uja? Tinausiya. Ngotembereredwa."

"Ndikufuna dothi lake. Mundibwereke khasu."

Mwana wa ku yunivesite, khasu! Ndinamutsatira ndili cheucheu kuopa kuti wina ationa. Ali kukumba anandifotokozera kuti m'dothimo mulibe temberero, muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mizu ya fodya n'kuitupitsa, mbewu n'kumafa ndi njala chakudya chili pomwepo. Iye ankafuna kuona ngati masamba a deliya kapena a ombwe, uja tinkaphera nsomba kale, angatigonjetse akasakanizidwa ndi dothi.

Anadzaza timatumba tija ndi dothi lodwalalo, n'kutindandalika mizere itatu pambali pa chigafa, katumba kalikonse mbande imodzi ya fodya. Mzere woyamba anasakaniza deliya. Wachiwiri, ombwe. Wachitatu sanathire kanthu.

"Uwu waiwala," ndinamukumbutsa.

"Sindinaiwale, ababa. Uwo uyenera kudwala."

"Uyenera chiyani?"

"Kudwala. Ukapanda kudwala, ndidziwa bwanji kuti masambawa ndi amene athandiza mizere iwiri inayo?"

Ndinagwedeza mutu ngati gulo, koma m'mutumo simunalowe kanthu. Ndiye ndinafunsa funso limene linali pamtima: "Nanga za jakisoni muyamba liti?"

Anatsamira khasu. "Ababa, ndakhala ndikukuuzani chaka ndi chaka. Ine sindikuphunzira udokotala. Ndikuphunzira za zamoyo: zomera, tizilombo, nyama. Ndipo fodya uyu ndiye mayeso anga aakulu. Ndikapanda kulemba zomwe zituluke apa, digiri palibe."

Anali atandiuzadi, koma ine ndinkayesa kudzichepetsa kwa mwana woleredwa bwino. Tsiku limenelo ndinayamba kukayika, ndipo kukayikako ndinakakuthira kachasu.

Mzere wachitatu unadwaladi. Masamba anasanduka achikasu, mbande zili zyolizyoli ngati ana a chaka cha njala. Tsoka lake, njira ya ku mjigo imadutsa pachigafa changa. Mudzi wonse unaona.

Tsiku lina Tiyamike anali atapita kusukulu masiku angapo kukaonana ndi aphunzitsi ake, Nabanda ali kumaliro ku Simlemba. Ndili kwa Nachisale, Jailosi anakweza mawu kuti onse amve.

"Bambo a dokotala! Fodya akufa pakhomo panu, dokotala ali pomwepo. Nanga ife misana yathuyi tidalire ndani?"

"Mwina fodyayo sanachepetse mchere," wina anaponyapo.

Anaseka mpaka Nachisale anataya mowa pansi. Abale, munditukwane za nkhope, za njinga, ngakhale za mkazi, ndipirira. Koma mlimi wa ku Kasungu kumunena kuti fodya akumufera pakhomo iye akuyang'ana, n'kumuvula pamsika. Bambo anga akaona mbande yofota ankaizula asanapereke moni. Zili m'magazi.

Ndinanyamuka dzuwa likadalipo. Miyendo inali ya kachasu, koma manja anali a mlimi. Ndinazula mzere wachitatu wonse n'kukaponya m'chimbudzi. Ndinatsikira kudambo, pa nazale ya Nabanda, n'kusankha mbande zonenepa za msinkhu womwewo, ndi dothi lake lomwe. Ndinaokera bwinobwino. M'nyumba munali mankhwala otsala aja timathira pa nazale kupha tizilombo ta m'nthaka, ndinasungunula n'kuthira. Kenako ndinayang'ana mizere iwiri ija n'kumva chisoni. Mwana mmodzi adye, anzake akuyang'ana? Ndinathira yonse, n'kutsinirako ka feteleza pamwamba. Kunena zoona, pa zaka zitatu zija, ntchito yooneka imene ndinagwira ndi imeneyi.

Nabanda atabwerako anaima ndi ndowa pamutu.

"Fodyayu wadzuka bwanji?"

"Mapemphero anu, mayi a Tiyamike."

Sanayang'ane kumwamba. Anayang'ana zikhadabo zanga, zomwe zinali ndi dothi koyamba pa nthawi yaitali.

Tiyamike anafika ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe, chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti ndimve mfuu wa chimwemwe ndiye nditulukire. Anaima pa mizere yake nthawi yaitali. Yonse itatu yobiriwira mofanana, ngati ana a kwaya. Anazula imodzi mzere uliwonse, n'kutsuka mizu m'beseni. Yonse yoyera ngati ndevu za chimanga chanthete. Ndipo mwana wanga anakhala pansi padothi, n'kugwira kumutu.

"Amayi, ndalakwitsa pena pake. Kaya ndi dothi, kaya ndi madzi, sindikudziwa. Palibe chofanizira. Ndikawauza chiyani aphunzitsi? Akanena kuti ndinanama kuti unkadwala."

Ine kuseri kuja mutu unazungulira. Fodya wachira, munthu akulira ngati pamaliro. Dziko lanji ili? Chimodzi chokha ndinachimva bwino: pali chimene chafa, ndipo wapha ndine. Safunsa anadya phula. Ine ndinalidya, n'kupukuta pakamwa, n'kuzemba kudzera kumunda.

Masiku otsatira mwanayo anasiya kudya. Ankawerenga mabuku ake, kukayang'ana timatumba, kubwerera, kuwerenganso. Kenako ndinamumva akuuza mayi ake kuti sabwererako, akafunsa ntchito yogulitsa m'sitolo pa Mtunthama. Nabanda ankandiyang'ana pa chakudya chilichonse, maso okha, ngati akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'malo motsekula chitseko ndinatsekula botolo. Ndinkamwa tsopano osati mokondwa, koma monga munthu akuzimitsa moto.

Pansi penipeni ndinafika Loweruka lina masana. Akuti anandipeza m'ngalande pafupi ndi chigayo, nsapato imodzi, njinga palibe. Munthu wina wachifundo ankapita kumunda ndi ngolo ya manyowa. Anandiponya pamwamba pa manyowawo, n'kudutsa nane mudzi wonse, ana akuthamangira pambuyo akuimba kuti bambo a dokotala apita ku chipatala. Izi ndinachita kumva. Sindikumbuka kanthu.

Chimene ndikukumbuka ndi ichi, ndipo apa ndiyenda pang'onopang'ono, pakuti ndi pamene ndinatembenukira.

Ndinatsitsimuka pamphasa pakhonde, dzuwa litapendeka. Wina ankandipukuta kumaso ndi kansalu konyowa. Ndinayesa Nabanda, ndinakonzeka kumva zanga. Koma manja ake anali ofewa. Anali Tiyamike. Anali atandivula malaya osanzira aja n'kuwanyika m'beseni lomwe ankatsukiramo mizu. Anandichotsa manyowa m'makutu, m'ndevu, pang'onopang'ono, monga achitira mayi ndi khanda. Ankayesa ndili mtulo, ndiye ankalankhula motsitsa.

"Pepani ababa. Munauza anthu onse kuti muli ndi mwana wanzeru. Ndakuchititsani manyazi. Ndikudziwa mukumwa chonchi chifukwa cha ine."

Abale anga, ndamenyedwapo pamowa, ndagwapo panjinga, ng'ombe inandipondapo phazi. Palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Mwana amene ndamuphera zaka zinayi za sukulu akundipepesa, manja ake ali m'masanzi anga. Ndinafuna kupitiriza kunamizira tulo mpaka ndife. Koma pakhomo panaima Nabanda, manja m'chiuno, ndipo anadziwa kuti ndili maso, chifukwa woledzera weniweni sameza malovu.

Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Ndinati, "Mwana wanga, fodya uja sanachire yekha."

Ndinanena zonse: chimbudzi, nazale, mankhwala, feteleza. Ndinaweramitsa mutu kudikira mphezi. Kenako mafunso anayamba kugwa, mawu ake ali phee ngati wapolisi.

"Mbande zonse za mzere wachitatu?"

"Zonse."

"Musanazule, mizu yake munaiona?"

"Inali yotupa, timibulu timibulu, yonyansa."

"Yotupa? Mukunenetsa, ababa? Yotupa?"

"Ngati mikanda."

Mwana uja analumpha. Anaseka, misozi ikutsika, n'kukumbatira mayi ake. "Amayi, inali yotupa! Sindinalakwitse! Inali yotupa!" Ine ndili pamphasa, wopanda malaya, kukamwa kuli yasa. Fodya atachira analira, tsopano wamva kuti ankaola mizu akuvina. Ndinati mwina kachasu sanathe m'mutu.

Ndinayamba kumwetulira nanenso, poyesa kuti mlandu watha. Anatembenuka, n'kundiyang'ana, kuseka kuja kunazima ngati nyali. Analowa m'nyumba. Sanandilankhule masiku ambiri ndithu. Moni ankapereka, pakuti ndi mwana woleredwa, koma moni wake unali wozizira ngati madzi a mu Juni.

Tsopano mverani njira yobwerera, inu amene mudakali m'ngalande. Sindinachire ndi loto kapena mphezi. Ndinachira ndi chitini cha madzi.

Choyamba, Tiyamike anauza mayi ake kuti aphunzitsi ake amve kuchokera pakamwa panga. Anaimba foni n'kundipatsa. Ndinavula chipewa, ngakhale aphunzitsiwo, omwe ndi mayi, sankandiona. Ndinafotokoza ngati pabwalo la milandu. Nditamaliza ndinamva ngati akutsokomola, koma ndikuganiza kuti kunali kuseka. Anati, "Bambo Mwale, ndinu mlimi wabwino, ndiye vuto lake." Analola kuti ntchito iyambirenso. Koma mtengo wake unalipo, ndipo sanaulipire ndine: Tiyamike sakanamaliza limodzi ndi anzake. Iwo akuvala mikanjo, iye adikire gulu lotsatira. Ichi sindichiseka, ngakhale ndine woseka zonse.

Vuto lina linali lakuti iye anayenera kubwerera m'kalasi, ndipo Nabanda anali ndi munda wonse pamutu. Timatumba tatsopano tinkafuna wothirira m'mawa ndi madzulo, katumba kalikonse chitini chimodzi chodzaza, osapungula, osaonjezera. Mwanayo analankhula nane koyamba tsiku lonyamuka.

"Ababa, munaononga ndinu, muthirira ndinu. Koma manja onjenjemera amataya madzi, ndipo muyeso ukasiyana ntchito yafanso. Mzere wachitatu ukayamba kufa, muusiye ufe. Mukatero ndidziwa kuti ndili ndi bambo."

Taonani nzeru zake. Kuthirira kwa madzulo kunkagwa nthawi yomwe Nachisale amatulutsa mabotolo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndinayenera kusankha limodzi.

Masiku oyamba manja ankavina okha. Ndinkagwira chitini ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero. Thukuta, mutu, kulota njoka masana. Nabanda ankandiphikira thobwa wambiri kuti pakamwa pasasowe chochita. Njira ya kuchigayo ndinaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale n'kutali. Musamayese mphamvu zanu pa fungo, fungo limapambana. Ndipo ndinapita kamodzi kwa Nachisale m'mawa, anthu asanaledzere, ndi mkulu wa mpingo pambali panga kuti andigwire malaya. Ndinati, "Mwana wanga si dokotala, sanakhalepo dokotala, ndipo za mchere zija ndinkapeka ndekha. Wodwala apite ku chipatala."

Jailosi anati, "Ndiye ine ndadya ndiwo zozizira zaka zitatu pachabe? Mkazinso osabwera!"

Bodza limene linkandigulira mowa linafera pomwepo. Muphe chimene chimakugulirani mowa, abale. Kwa ena ndi bodza, kwa ena ndi mnzanu amene mwakhala naye pafupiyo.

Sindinama pamaso panu: ndinagwa kamodzi. Linali tsiku limene mzere wachitatu unayamba chikasu. Ndinaima pamenepo, mbande zikundiyang'ana ngati zikuti, agogo, mankhwala muli nawo, bwanji? Ndinalowa m'nyumba kuwafuna, koma Nabanda anali atawapititsa kwa mng'ono wake. Mtima unandiwawa, miyendo inanditenga, ndinamwa. Madzulo amenewo anathirira Nabanda. M'mawa mwake ndinaimbira Tiyamike ndekha, asanamve kwa wina. Anangoti, "Mwathira kanthu?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye tengani chitini." Ukagwa, nena msanga. Chimene chinatsala pang'ono kundipha poyamba paja sichinali kugwa, chinali kukhala chete.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira ntchito yovuta kuposa kusoka fodya: kuyang'ana chinthu chikufota, manja ali kumbuyo. Anthu opita ku mjigo ankaima. "A Mwale, fodya akufa uyo." Ndinkayankha kuti, "Akufa mwadongosolo. Pitani." Akafunsa chifukwa chake, ndinkati, "Ndi bayoloje," ndipo ankachoka mwaulemu, osadziwa kuti nanenso ndathera pomwepo.

Tsiku lozula, Tiyamike anabwera. Tinatsuka mizu limodzi, ine ndikutunga madzi. Ya mzere wachitatu inali timibulu tokhatokha. Ya deliya, pang'ono. Ya ombwe, mwa apo ndi apo. Anaiyala pathumba, kujambula, kuyeza, kulemba. Ananyamula muzu woola kwambiri n'kuuyang'ana monga mayi ayang'ana mwana wobadwa kumene. Kenako anati, "Zikomo ababa. Mwaudwalitsa bwino." Pa moyo wanga wonse wa ulimi, palibe anandiyamikapo chifukwa cha fodya wakufa. Ndinalandira, nanga n'kutani.

Anavala mkanjo wake chaka chotsatira. Tinapita ndi Nabanda, ine m'jekete yobwereka. Mwambo utatha Tiyamike anatilowetsa m'chipinda china n'kundiuza kuti ndiike diso pa kachipangizo kokuza zinthu. Ndinaona kanyongolotsi koyera kakudzipinda, kakudziwongola, mosatekeseka. Kameneka ndi kamene kanatilanda munda wa kuchulu, ife n'kumanamizira azakhali anga omwe anamwalira kalekale. Ndinafunsa ngati m'kachasu mulinso totere. Anati, "Mmenemo simukhala chamoyo, ababa." Ndakusiyirani inu mawu amenewo, a Banda.

Mpaka lero mukandifunsa kuti mwana wanga ndi ndani, ndikuyankhani mozungulira. Amagwira ntchito ndi dothi, amakondwa zinthu zikadwala moyenera. Ine ndimangodziwa kuti mvula yagwa zaka ziwiri tsopano pakamwa panga pasanadutse dontho, munda wabwerera, ndipo mgonero ndikudya.

Usiku wa tsiku la mkanjolo, titafika kunyumba, tulo sitinabwere. Ndinati, "Mayi a Tiyamike, pajatu ine ndasokonezeka. Mwanayu akuti si dokotala. Nanga ine wandichiritsa ndani?"

Nabanda anatembenukira kukhoma, n'kukoka bulangete lonse monga mwa nthawi zonse.

"Musafunse ine, bambo a Tiyamike. Ine ndinali nditakuikani kale mu mzere wachitatu, woti tizingothirira n'kumaonerera. Masamba mwabiriwira, sindikana. Koma musayambe kudzitama, mizu yanu sitinaizule. Gonani, mawa kuli nazale."